Galu Woopa Anthu Ogwada

Iwe ndiye mwana, Yankho! Mwana wa mchimwene wanga, mutu wakowo Mulungu anauumba m'mawa asanatope. Wandiveka ulemu ine wothyola tiyi, amene sukulu ndinailekezera sitandade folo. Masiku ano ndikamadutsa pa Likhubula, anyamata onyamula katundu kuphiri aja amapatuka, ati apatseni njira azakhali a dokotala wa ziweto. Ine ndimangoyenda pang'onopang'ono kuti anenenso. Bambo ako akanakhala moyo bwenzi atavina mpaka nsapato kung'ambika.

Moni mwana wanga. Taona, chisangalalo chandiiwalitsa ndi moni womwe.

Ndikulemba ndili pakhonde, dzuwa lapendeka, iwe sunabwerebe ku Chitakale kumene wapita kukagula sutikesi. Usaseke zilembo zangazi, ndikudziwa zikuoneka ngati papalasa nkhuku. Ndasankha pepala chifukwa ndikamalankhula nawe umandidula ndi "koma azakhali," kenako tonse timayamba kulira, nkhani n'kuthera pomwepo. Pepala sungalidule. Uwerenge mpaka kumapeto usanagone.

Mawu amene unanena dzana tikusenda chinangwa sanandichoke m'mutu. Unati, "Azakhali, mwina ndidikire chaka chamawa. Ndikachoka Denja abwerera ku zakale, aluma munthu, ndiye a Muhiwa amupha." Ndinangopitiriza kusenda, koma usayese kuti ndinavomera. Malo a kusukulu ya udokotala wa ziweto ya ku Lilongweyo sadikira munthu. Mawa ukwera minibasi. Chifukwa chake ndikuuza, koma undilole ndiyambire kutali, ukudziwa ine njira yachidule sindiidziwa.

Galu wathu Denjayu ndinamulera ndi nzeru za m'njira, iwe usanabwere kudzakhala ndi ine. Akuba anali atandimaliza nanazi kumunda, ndiye ndinakatenga kagalu ku Nkando, kakang'ono kokwana m'dengu la tomato. Aliyense anandipatsa malangizo. Wina ati mukadyetse mavu osinja ndi tsabola kuti kakhale kolusa. Wina ati masana muzikatsekera m'bokosi, kakazolowera anthu kadzakhala kopusa. Wina ati mukapatse dzina loopsa. Ine zonse ndinachita. Mavuwo anandiluma pachikope ndikuwasaka kudenga la khitchini, ndinapita kuntchito diso litatupa ngati peyala. Atayamba kuuwa aliyense wodutsa ndinakondwa, ndimvekere mavu agwira ntchito. Iwe utabwera, kamtsikana kongoyamba kumene sekondale, unangomuyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Azakhali, galu uyu si wolusa, ndi wamantha. Taonani kumene waika mchira." Ndinayang'ana. Mchira unali utamatirira kumimba, makutu atagona, thupi lonse likunjenjemera, pakamwa pokha ndi pamene panali phokoso. Zimenezi usaziiwale kumene ukupitako. Wokuwa kwambiri kawirikawiri ndi amene mtima ukumugunda kwambiri. Munthu alibe mchira, koma iwe uli ndi maso oona zimenezi, uwagwiritse ntchito.

Tsiku limene analuma mayi a Muhiwa ndinalakwitsanso. Anabwera kudzabwereka sefa, ndipo monga mayi waulemu atafika pabwalo anagwada kupereka moni. Denja anatulukira kuseri kwa nyumba n'kuwagwira pamkono. Ine ndinasolola chikuni n'kumukwapula mpaka anakodza, ndikuganiza kuti ndikumuphunzitsa. Amuna awo a Muhiwa, mkulu wa onyamula katundu kuphiri, atabwera nawo kuchokera kuchipatala anaima pamene pali mtondo paja n'kunena mosakweza mawu. "Mayi, ife ndi anansi, mlandu sindikufuna. Koma akadzalumanso munthu ndidzamuikira mankhwala a makoswe ine ndemwe, ndipo ndidzabwera kudzakuuzani kuti ndine." Sindinawaone kulakwa. Mkono wa akazi awo unali utasokedwa. Koma funso limene tonse sitinafunse unafunsa ndi iwe. Unati bwanji galuyu anthu oimirira amangowauwa, koma ogwada ndi amene amawalumphira? Unakhala pakhonde pano kumangoyang'ana kunjira, mpaka unaona. Ana a sukulu akamadutsa ankawerama kutola miyala n'kumamugenda ali pachingwe. Ndipo kwathu kuno aliyense akaona galu amawerama ngati akutola mwala, ngakhale pansi palibe mwala. Kwa Denja munthu wopita pansi ndi mwala umene ukubwera. Ndiye taganiza, azimayi aulemu onse a m'mudzi muno anali adani ake, amwano osagwada ankadutsa bwinobwino. Chikuni changa chija sichinachotse mantha ngakhale pang'ono, chinangondiwonjezera ine pagulu la anthu oopsa. Usanatukule dzanja uzifunsa, Yankho. Ukumva? Uzifunsa ngati mmene unafunsira tsiku lija.

Zimene unachita kenako ndimazinena ngakhale kumunda wa tiyi, anzanga atopa nazo. Unathyola bokosi lija n'kusonkhera moto. Unayamba kuima kutali, kumalire a bwalo, kutembenukira kumbali osamuyang'ana m'maso, n'kugwada pang'onopang'ono, n'kuponya bonya, n'kudzuka kumapita. Mawa lake chimodzimodzi. Sunamuitane, sunamugwire, sunamukalipire akauwa. Unkafuna aphunzire yekha kuti munthu akapita pansi kumabwera bonya osati mwala. Anthu ankakuseka. Ndikukumbuka mnyamata wina wa katundu anaima panjira, chikwama cha mzungu chili pamutu, amvekere, "Yankho, wapeza apongozi eti?" Iwe osatembenuka n'komwe unati, "Eya, ndipo awa akakhuta amakhala chete, osati inu." Ine m'khitchini ndinaseka mpaka kutsamwa ndi utsi. Mvula inabwera n'kupita iwe ukugwadirabe galu. Kupirira kumeneko sindikudziwa unakutenga kuti, chifukwa kubanja kwathu tonse ndife a phuma.

Phuma limenelo ndi limene linandigwetsa nthawi imene unali pa mayeso. Ndinaona kuti Denja wayamba kudya pafupi nawe, ndinati ntchito yatsala pang'ono, ndimuthandize mwana ndiimalize. Ndinamukoka ndi chingwe mpaka kumsewu, tsiku limene alendo okwera phiri anachuluka, galimoto, njinga zamoto, anthu akuwerama kumanga katundu uku ndi uku. Ndinati aone zonse kamodzi azolowere. Galu anangouma ngati chitsa. Ndinamuika bonya pamphuno, anatembenuza mutu. Ine ndinakondwa kuti wasiya kuuwa, osadziwa kuti mantha amutseka pakhosi. Titabwerera analowa pansi pa thandala la mbale, ndipo anayambanso kuuwa ngakhale iwe amene. Sunandikalipire, ngakhale maso ako anafiira. Unangoti, "Azakhali, galu akakana bonya ndiye kuti mwayandikira kwambiri. Muzibwerera m'mbuyo mpaka pamene adye. Pamenepo ndi pamene mungamuphunzitse." Ndipo unayambiranso kumalire a bwalo kuja ngati palibe chimene chinachitika. Mawu amenewa ndikukubwezera lero. Ku Lilongwe ukakaona kuti chakudya chikukana kulowa, anthu achuluka, chizungu chikuthamanga, usati wagonja, usati ndibwerere kumudzi. Ubwerere m'mbuyo pang'ono chabe. Ukhale pampando wa kumapeto, upeze mnzako mmodzi, udye. Mawa udzasendera.

Za chingwe nazo ndinachedwa kumva. Tsiku la katemera wa chiwewe ndinapita naye ine, agalu a mudzi wonse ali pamenepo, ena pa waya, ena pa luzi. Ndinakulunga chingwe kudzanja n'kuchikoka kuti chikhale chachifupi, mtima wanga uli phaphapha, ndikungoti aluma, aluma. Ndipo analumphiradi galu wa eni, tinabwerako osabayitsa, anthu akutilozera zala. Ulendo winawo unapita naye iwe. Unakaima kutali pansi pa bulugamu, chingwe chili lende, ukumuponyera bonya, mpaka agalu onse anatha. Wobaya katemera anachita kukutsata komweko, ndipo unamupempha kuti asawerame patsogolo pake koma aime kumbali. Galu anabayidwa akutafuna. Pobwerera unandiuza kuti chingwe chimanena miseche, zonse zimene zili mumtima mwa munthu chimakamuuza galu. Kuyambira pamenepo ndikagwira chingwe ndimayamba ndapuma kaye, mapewa ndawatsitsa. Nawenso uzitero ukamalowa pamalo achilendo, ngakhale ulibe chingwe m'manja.

China chaching'ono. Mabingu a kuphiri kuno akayamba, ndinkamusolola pansi pa thandala paja kuti ndimukumbatire, ndikuti ndikumutonthoza. Anandiwonetsa mano. Iwe unaikapo thumba ndi juzi yako yakale n'kunena kuti pamenepo ndi panyumba pake, akalowapo munthu asamutulutse, atuluka yekha. Juziyo usaitenge. Ndaona waichapa, ndakwiya nazo pang'ono. Uivale usiku uno kuti igwirenso fungo lako, m'mawa uibwezere pamalo pake.

Tsopano imva za lero, chifukwa zonsezi ndimapita kumeneku.

Dzuwa lili pamutu ndinamva nyimbo kunjira. Azimayi a kutchalitchi, abwera kudzakupempherera za ulendo, osadziwa kuti wapita ku Chitakale. Patsogolo mayi a Muhiwa ndi chipsera chawo chija. Miyendo inandithamangitsira kukhitchini kuti ndimutsekere galu monga ndimachitira iwe ukachoka. Ndili pachitseko ndinadzifunsa kuti ndikamutsekera lero, madzulo Yankho ndimuuza chiyani? Ndinamumanga chingwe chachitali chija, ndinachikoleka pansanamira, ndinatapa bonya m'chitenje n'kukawachingamira asanalowe pabwalo.

"Azimayi, taimani kaye pomwepo. Aliyense atapeko bonya."

"Tabwera kudzapemphera kapena kudzaphika?" Amenewo mayi a Muhiwa.

"Mukhale uko pansi pa peyala. Osamuyang'ana m'maso, osamuitana dzina. Muzigwada mmodzimmodzi, ndipo amene akugwada aponye bonya chakuno."

"Inu mukufuna andimalize mkono watsalawu."

"Chingwe sichifika pamenepo, ndipo chikhala m'manja mwanga. Akangoumitsa thupi ndimulowetsa m'nyumba."

Mayi a Muhiwa anatapa bonya uja. "Ndikuchitira mwanayo. Osati inu, osatinso chigalu chanucho."

Woyamba atagwada Denja anauwa, ubweya wa pamsana unaima. Dzanja langa linafuna kukoka. Ndinapuma, ndinatsitsa mapewa, chingwe ndinachisiya chigone pansi. Ndinamuponyera bonya, anakana. Ndinabwerera naye m'mbuyo mpaka pakona pa nyumba, ndinaponyanso. Anadya, Yankho. Ndinawakodola kuti wachiwiri agwade. Anauwa kamodzi kokha, kwinaku akuyang'ana kumene bonya wagwera. Onse atatha kugwada iye anapita pansi pa thandala pake, ine ndinamuleka.

Pemphero anayambitsa mayi aja amene akayamba amadutsa odwala onse a m'boma la Mulanje asanafike pa nkhani. Lero ndinawathokoza mumtima chifukwa cha kutalikitsa kwawoko. Ine ndinapemphera diso limodzi lili lotsegula, Mulungu andikhululukire. Ali pakati pa odwala, ndinaona mphuno ikutuluka pansi pa thandala. Anatuluka yense, anayenda akutola bonya mmodzimmodzi mpaka pamene chingwe chimathera. Anaima, ananunkhiza mphepo yochokera kwa mayi a Muhiwa. Iwo maso anatsinzina zolimba, koma ndinaona milomo ikuthamanga kuposa ya wotsogolera pemphero. Galu anadzigwedeza ngati wanyowa ndi mvula, anazungulira, n'kugona pansi atawapatsa msana. Unandiuza ndi iwe kuti galu wamantha sapatsa mdani msana. Bwalo lodzaza anthu ogwada, iye mutu pa miyendo, mpaka ameni.

Mayi a Muhiwa atatsegula maso anamuyang'ana n'kunena chapansipansi kuti, "Uyu wafanana ndi amuna anga. Kutchalitchi amadzera zakudya, ulaliki ukayamba tulo." Azimayi anaseka atatseka pakamwa ndi zitenje kuopa kumudzidzimutsa. Ndipo eni akewo, a Muhiwa, anali ataima panjira akuchokera kuphiri, chingwe cha katundu chili paphewa, sindikudziwa anafika nthawi yanji. Ndinawapatsa moni ndili chiimire. Anati, "Ndaona, mayi. Mawu anga aja sindinawabweze. Koma makoswe andivuta kunyumba chaka chino, mankhwala aja mwina athera komweko." Akazi awo potsazika anati aziti akamachokera kumjigo azidzera kuno kudzagwada kumalire a bwalo, bola bonya akhale wanga.

Sindikukunamiza kuti wachira. Galu amene anadya mavu ndi miyala ali mwana sangaiwale zonse. Ana akachuluka ndizimutsekerabe, kukakhala maliro kapena chinkhoswe pafupi ndizimutsekerabe, ndipo ndikamapita kuntchito azikhala kuseri kumene anthu odutsa sawaona, ndi madzi ake pamthunzi. Kumsewu sindidzamukokeranso. M'mawa ndizimuyendetsa njira ya kumtsinje anthu asanachuluke, azinunkhiza zimene akufuna, chifukwa unati galu akanunkhiza mtima umatsika. Koma chimene ndikufuna umve ndi ichi. Lero iwe kunalibe. Unali ku Chitakale ukunenerera sutikesi, ndipo zonse zinayenda. Ntchito yako inalowa mwa galu, inalowanso mwa ine, nkhalamba ya mutu wouma. Ukakhala pano chaka china, udzakhala ukulondera chinthu chimene chayamba kale kuyenda chokha. Pamene uko kuli agalu ambirimbiri otsekeredwa m'mabokosi, eni ake akusaka mavu kudenga ngati ine, akudikira munthu wowauza kuti taonani kumene waika mchira.

Ndikudziwanso kuti si za Denja zokha. Ndinakulera, ndimakudziwa. Utabwera pano bambo ako atangoikidwa kumene, sunkalankhula, unkadyera kuseri kwa chitseko, munthu akakufunsa dzina unkamuyankha ngati wakutukwana. Ine ndinalibe nzeru zako, ndinkangokusiyira mbale n'kuchoka, ndipo unatuluka wekha. Mwina n'chifukwa chake galuyu unamumvetsa msanga. Lilongwe akukuopsa, usakane. Palibe cholakwa. Koma usabisale kuseri kwa galu, mwana wanga. Ukafika kumeneko usalume anthu ndi mawu chifukwa cha mantha, lilime lakolo ndi lakuthwa, mnyamata wa katundu uja angachitire umboni. Si aliyense wowerama amene akutola mwala. Ena ndi oti akupatsa moni. Koma amene watoladi mwala umutalikire, usadikire kuti aponye, makamaka anyamata a mawu okoma.

Uzidya. Uzigona. Uzipemphera, maso onse awiri otseka osati ngati ine. Aphunzitsi ako uziwalemekeza ngakhale akanena zimene ukuzidziwa kale, ndipo ukamva zatsopano za agalu amantha uzindiimbira, ine ndiziyesa kuno. Ndakuikira nanazi ndi chinangwa chophika m'jumbo, usagawe zonse mu minibasi monga umachitira.

Za mawa m'mawa ndikuuziretu, chifukwa ndikudziwa udzaiwala malamulo ako omwe. Usamuzembe, koma usamulirirenso pamutu. Unati galu amamwa misozi ya munthu n'kuisandutsa mantha. Umupatse chakudya monga mwa masiku onse, uvale nsapato, unyamule sutikesi. Ukamanditsazika ugwade pabwalo monga mwana woleredwa, uponye bonya wako, udzuke uzipita osacheuka. Chingwe ndidzagwira ine, ndipo chidzakhala lende. Kulira tikalirira pa siteji pa Chitakale, kumene iye sakationa.

Ukwere minibasi imeneyo, Yankho. Ukumva? Ukwere.

Mwezi ukatha ndikalandira kuesiteti ndikutumizira pafoni ya sopo ndi shuga. Ikachepa pang'ono usadabwe, ndidzakhala nditachotsapo ya bonya.

Ndine azakhali ako,
amene lero sakukwana pakhomo ndi kunyada.